Mtima wabwino si mpamba: zomwe wochita bizinesi yothandiza anthu ayenera kuphunzira

M'mayiko omwe akutukuka kumene muli anthu amene amayamba bizinesi chifukwa cha vuto lomwe aliona pakati pa anzawo: madzi akumwa osatetezeka, nyumba zopanda magetsi, alimi osowa mbewu yabwino, odwala maso amene sangakwanitse kulipira chipatala. Safuna kukhala bungwe lodikira thandizo chaka ndi chaka, komanso safuna kukhala amalonda ongoyang'ana phindu. Cholinga chawo n'kugulitsa chinthu chothetsa vutolo pa mtengo womwe wosauka angaufike, ndalama zolowazo n'kumayendetsa ntchito yonse.

Bizinesi yotere ndi yovuta kuposa bizinesi wamba, ndipo maphunziro ambiri amasochera pomwepa. Wamalonda wamba amasankha kasitomala wandalama, wokhala pafupi ndi msewu. Wochita bizinesi yothandiza anthu wasankha dala kasitomala amene amapeza ndalama mwa apo ndi apo, amakhala kutali, amagula pang'onopang'ono, ndipo sangayerekeze kutaya ndalama pa chinthu chomwe sanachionepo chikugwira ntchito. Phindu pa katundu aliyense limakhala lochepa, ndalama zofikira kasitomalayo zimakhala zambiri. Mwini bizinesi yotere ayenera kudziwa masamu a bizinesi kuposa mnzake uja. Koma maphunziro ambiri okonzera iyeyo amathera pa kulemba masomphenya, kukongoletsa zithunzi za pa kompyuta ndi kuyeserera kulankhula pamaso pa anthu oika ndalama.

Kodi kuphunzitsa bizinesi kumasintha kanthu?

Funsoli lafufuzidwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 2000. Ofufuza amachita maere pakati pa amalonda ofanana, ena n'kuphunzitsidwa, ena ayi, kenako amabwerera patapita chaka kapena ziwiri kukaona kusiyana. Kafukufuku wambiri wachitika pa mabizinesi ang'onoang'ono wamba, koma zomwe wapeza zimakhudzanso mabizinesi othandiza anthu.

Maphunziro ofala ndi a m'kalasi, a masiku ochepa, monga a ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, otchedwa Start and Improve Your Business, omwe afika m'mayiko oposa 100. Amaphunzitsa kulemba ndalama, kuwerengera mtengo, kusamala katundu ndi kutsatsa malonda. David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, ndipo lipoti lake la mu 2021 linaonetsa kuti maphunziro a mtunduwu amakweza phindu ndi pafupifupi 10 peresenti, malonda ndi pafupifupi 5 peresenti. Si zachabe ayi, koma si zomwe zimalonjezedwa pa tsiku lopereka masatifiketi. Vuto ndi lakuti ophunzira amamva zambiri n'kukachita zochepa.

Ku Dominican Republic, Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar anayerekeza maphunziro a mitundu iwiri pakati pa makasitomala a banki ya ngongole zazing'ono yotchedwa ADOPEM. Gulu lina linaphunzira kalembedwe ka ndalama ka m'mabuku. Gulu lina linangopatsidwa malamulo osavuta kukumbukira: ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zikhale m'malo awiri osiyana, mwini bizinesi adzilipire malipiro odziwika, ndipo akabwereka ku bizinesi alembe n'kubweza msanga. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti malamulo osavutawa ndiwo anasintha kachitidwe ka anthu, makamaka amene sanapite patali ndi sukulu.

Kafukufuku wa ku Togo ndiye amadabwitsa anthu ambiri. Mu 2014 eni mabizinesi 1,500 a mumzinda wa Lomé anagawidwa patatu. Gulu loyamba silinaphunzitsidwe. Lachiwiri linaphunzira zabizinesi zozolowereka. Lachitatu linaphunzira zomwe anakonza katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Michael Frese: kuyamba wekha osadikira kuuzidwa, kuona vuto lisanafike, kuyesa chinthu chomwe anzako pamsika sakuchita, kufunsa makasitomala, ndi kusagwa mphwayi zinthu zikakanika. Magulu awiri ophunzirawo anakhala m'kalasi maola 36, kenako mlangizi ankawayendera kamodzi pamwezi kwa miyezi inayi. M'zaka ziwiri zotsatira, phindu la gulu lachitatu linakwera ndi 30 peresenti. La gulu lachiwiri linakwera ndi 11 peresenti, chiwerengero chomwe ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti sichinangochitika mwamwayi.

Ku Dandora mumzinda wa Nairobi, amayi oyamba kumene malonda analumikizidwa ndi amalonda akale ochita bwino a m'dera lomwelo. Phindu lawo linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti, pomwe omwe anapita m'kalasi sanapindule. Alangiziwo sankaphunzitsa za m'mabuku. Ankangonena zinthu monga komwe katundu amaodedwa motchipa. Ubalewo utatha, phindu lija linayambanso kutsika, zomwe zikusonyeza kuti nzeru za pamsika zimatha ntchito msanga ndipo zimafunika kumangozimva pafupipafupi.

Tisaiwalenso kuti nthawi zina chosowa si nzeru koma mpamba. Ku Sri Lanka mu 2005, eni mabizinesi ang'onoang'ono anapatsidwa ndalama kapena zida za madola pafupifupi 100 kapena 200 popanda maphunziro, ndipo ndalamazo zinkabala pafupifupi 5 peresenti pamwezi, ngakhale kuti phindu limeneli linaoneka pa mabizinesi a amuna, osati a amayi. Ku Nigeria, mpikisano wa YouWin womwe unayamba mu 2011 unkapatsa opambana madola pafupifupi 50,000 aliyense, ndipo mabizinesi awo anakula n'kulemba anthu ntchito. Koma ofufuza atayang'ana malikisi omwe oweruza anapereka pa mapulani olembedwa, anapeza kuti sankalosera bwino amene adzachite bwino. Izi n'zofunika kuziganizira, chifukwa masukulu ambiri amathera miyezi akuphunzitsa kulemba pulani yosangalatsa oweruza.

Phunziro loyamba: akulipira ndani?

M'bizinesi wamba wogwiritsa ntchito katundu ndi wolipira amakhala munthu mmodzi. M'bizinesi yothandiza anthu nthawi zambiri amakhala anthu awiri kapena atatu. Wopindula akhoza kukhala mwana wa sukulu, wosankha kugula ndi kholo, wolipira ndi boma kapena bungwe. Wophunzira amene sangathe kutchula anthu atatuwa payekhapayekha, ndi zomwe aliyense akufuna, sanafike poyamba kulemba china chilichonse.

Njira zopezera ndalama si zambiri. Wosaukayo akhoza kulipira mtengo wonse, koma pang'onopang'ono. Umu ndi momwe makampani ogulitsa magetsi a dzuwa monga M-KOPA amachitira ku Kenya: kasitomala amapereka kangachepe poyamba, kenako amalipira pa foni kudzera pa M-Pesa, ndipo akasiya kulipira chipangizocho chimazima. One Acre Fund, yomwe inayamba mu 2006 kumadzulo kwa Kenya, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, imazifikitsa pafupi ndi mlimi nyengo yobzala isanafike, ndipo mlimi amabweza pang'onopang'ono mpaka nthawi yokolola.

Njira ina ndi yakuti olemera alipirire osauka. Chipatala cha maso cha Aravind ku India chinayamba mu 1976 mumzinda wa Madurai ndi mabedi 11, woyambitsa wake anali Dr Govindappa Venkataswamy. Odwala okwanitsa amalipira, n'kugona m'zipinda zabwinoko, ndipo ndalama zawo zimathandiza kuti ena ambiri achitidwe opaleshoni mwaulere kapena pa mtengo wotsika kwambiri. Ambiri akamva nkhaniyi amangotolapo chifundo. Wophunzira bizinesi ayenera kutolapo kagwiridwe ka ntchito. Dokotala amakhala pakati pa matebulo awiri, akamaliza wodwala uyu amatembenukira kwa wina yemwe anamwino amukonzekeretsa kale, ndipo ntchito iliyonse yosafuna dokotala imagwiridwa ndi ena ophunzitsidwa bwino. Mu 1992 anatsegula fakitale yawo, Aurolab, yopanga timagalasi toika m'diso, chifukwa toitanitsa kunja tinali todula kwambiri. Mtengo wa opaleshoni imodzi ukatsika chonchi, ndalama za wolipira mmodzi zimakwanira anthu angapo. Popanda zimenezi chifundocho sichikadapita patali.

Njira yachitatu ndi yakuti boma kapena mabungwe alipire mbali ina kapena yonse. Pali zinthu zina zomwe kugulitsa kumazipha. Jessica Cohen ndi Pascaline Dupas anayesa mitengo yosiyanasiyana ya maneti oteteza ku udzudzu m'zipatala za amayi oyembekezera kumadzulo kwa Kenya. Mtengo utachoka pa ulere kufika pa masenti 60 a dola, pa amayi 100 alionse amene akanatenga neti, pafupifupi 60 anasiya, ndipo amene analipira sankagwiritsa ntchito netiyo kuposa amene analandira mwaulere. Choncho mawu omwe amamveka kawirikawiri m'maphunzirowa, akuti munthu amasamala chokhacho chomwe walipira, si oona nthawi zonse. Zinthu zoteteza matenda, zomwe ubwino wake suoneka lero, anthu sazigula msanga ngakhale zitatchipa. Mphunzitsi woona mtima ayenera kuuza wophunzira ngati lingaliro lake likuyenera kukhala bungwe lothandiza osati bizinesi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Kudziwa ngati anthu adzalipira kulibe njira yachidule. Kufunsa kuti “kodi mungagule?” sikuthandiza, chifukwa anthu amayankha inde mwaulemu. Funsani zomwe anachita kale: vutoli linawagwera liti komaliza, anathana nalo bwanji, anawononga ndalama zingati, ndalamazo anazipeza kuti, ndani anavomereza kuti zigwiritsidwe ntchito. Mukacheza ndi anthu 20 kapena 30 mayankho amayamba kubwerezabwereza. Kenako tengani katundu wochepa mukagulitse pa mtengo weniweni kwa anthu osakudziwani. Abale ndi anzanu sawerengedwa.

Nkhani ya PlayPump imaphunzitsidwa kwambiri pa chifukwa chimenechi. Unali mjigo wopopa madzi ana akamasewera pa chidole chozungulira, ndipo mu 2006 unalonjezedwa madola oposa 16 miliyoni. Madzi ankafunika m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe ana sankasewera, choncho m'malo ambiri amayi ndiwo ankakankha chidolecho. Mjigowo unali wodula kuposa mijigo wamba, ndipo ukawonongeka anthu a m'deralo sankatha kuukonza. Unakondweretsa olipira, osati otunga madzi.

Masamu a katundu mmodzi

Apa ndi pomwe maphunziro ayenera kukhalitsa, mpaka wophunzira atatopa. Manambala ali m'munsiwa ndi ongopeka kuti masamu aoneke bwino.

Tiyerekeze kuti mukugulitsa nyali ya dzuwa pa madola 20. Mumaioda pa madola 12. Mayendedwe ndi msonkho wolowetsera katundu ndi madola 2. Wogulitsa wa m'dera amatenga komishoni ya madola 2. Nyali zina zimabwezedwa zitawonongeka, ndiye mumapatula dola imodzi pa nyali iliyonse yosinthira zimenezi. Zotsala ndi madola 3. Awa si phindu. Ndi ndalama zomwe nyali imodzi ikusonkha kuti mulipire zinthu zomwe sizisintha kaya mwagulitsa kaya ayi: lendi, malipiro a antchito, mafuta a njinga yamoto, foni. Ngati zimenezi zimakwana madola 900 pamwezi, muyenera kugulitsa nyali 300 mwezi uliwonse kuti musaluze. Phindu limayambira pa nyali ya 301.

Tsopano muyambe kugulitsa pa ngongole. Ngati pa makasitomala 100 alionse, 10 asiya kulipira atafika theka, mwataya madola 100, kutanthauza dola imodzi pa nyali iliyonse. Madola 3 aja asanduka 2, ndipo nyali zofunika pamwezi zachoka pa 300 kufika pa 450. Simunasinthe mtengo, simunaonjezere wantchito, koma ntchito yakula ndi theka.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa apa zimadziwika. Woyambitsa sadziwerengera malipiro, choncho bizinesi imaoneka yopindulitsa pomwe ikudya thukuta lake laulere, ndipo tsiku lomwe adzalembe manijala imalowa pansi. Galimoto yomwe bungwe linapereka, ofesi yobwereka ndi anthu ongodzipereka sizilembedwa, chonsecho galimotoyo idzafuna ina. Ndalama zofikira kasitomala wakutali zimawerengedwa mofanana ndi za wapafupi, pomwe ulendo wa tsiku lonse wogulitsa nyali zitatu umadya madola 9 onse n'kupitirira. Njira yabwino ndi kuwerenga kawiri: koyamba monga zinthu zilili lero, kachiwiri ngati kuti zonse zaulere mukuzilipira pa mtengo wa pamsika. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kukula kwa thandizo lomwe bizinesi yanu ikudalira, kaya mukulitcha thandizo kaya ayi.

Phindu lilipo, ndalama palibe

Mabizinesi ambiri othandiza anthu samafa chifukwa choluza. Amafa chifukwa ndalama zatha m'manja pomwe mabuku akuonetsa kuti zinthu zili bwino.

Bwererani ku nyali zija. Mukugulitsa 300 pamwezi, aliyense akulipira madola 2 pamwezi kwa miyezi 10, ndipo palibe wothawa. Zotuluka zonse ndi madola 6,000 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba mulandira madola 600 okha, wachiwiri 1,200, wachitatu 1,800, ndipo zolowa zidzafanana ndi zotuluka pa mwezi wa 10. Mukaphatikiza kuperewera kwa miyezi yonseyi mupeza madola 27,000. Ndalama zimenezi ziyenera kuchokera kwina musanayambe. Choipa kwambiri n'chakuti malonda akamayenda bwino dzenjelo limakula: mukagulitsa nyali zowirikiza kawiri, ndalama zomangika m'manja mwa makasitomala zimawirikizanso.

N'chifukwa chake wophunzira aliyense ayenera kuzolowera pepala la ndalama za masabata 13 akubwera. Sabata iliyonse ili ndi mzere wake: zomwe zili m'manja poyamba, zomwe zilowedi, zomwe zituluke, zotsala. Zolowa muzilembe pa tsiku lomwe zidzafikedi, osati lomwe munalonjezedwa. Mabungwe ndi maboma amachedwa kulipira, ndipo ndalama za alimi zimabwera nyengo yokolola. Pepalali likonzedwe sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo.

Za ngongole, pali masamu awiri omwe sayenera kudumphidwa. Oyamba ndi a chiwongoladzanja chowerengedwa pa ndalama zonse zomwe munatenga, ngakhale mwabwezako zina. Ngongole ya madola 1,000 pa 3 peresenti pamwezi kwa miyezi 12 imabala chiwongoladzanja cha madola 360. Popeza mukubweza mwezi ndi mwezi, ndalama zomwe muli nazodi ndi pafupifupi theka, ndiye mtengo weniweni wa ngongoleyo ndi pafupifupi 5 peresenti pamwezi. Achiwiri ndi a ngongole ya ndalama zakunja. Mukabwereka madola koma mukugulitsa mu ndalama ya dziko lanu, ndalamayo ikachepa mphamvu moti dola yakwera ndi 25 peresenti, ngongole yanu yakula ndi gawo limodzi mwa magawo anayi musanalakwitse chilichonse, ndipo makasitomala anu osauka sangalandire mtengo wokwera choncho.

Mtundu wa ndalama uzigwirizana ndi ntchito yake. Thandizo losabweza ndi loyesera zinthu zomwe simunatsimikize. Ngongole ndi yogulira katundu yemwe mukudziwa kuti agulidwa. Kugulitsa masheya ndi kwa bizinesi yomwe ikhoza kukula kwambiri, ndipo wogulayo amakhala ndi mawu pa kayendetsedwe kake. Mabungwe monga Acumen, yomwe Jacqueline Novogratz anayambitsa mu 2001, amaika ndalama zodikira zaka zambiri, koma nawonso amafunsa masamu omwewa.

Kuyeza ubwino omwe mukuti mukuchita

Kugulitsa nyali 5,000 si umboni wakuti moyo wa munthu wasintha. Pakati pa kugulitsa ndi kusintha pali masitepe, ndipo sitepe iliyonse ikhoza kuduka. Nyali yagulidwa, ikugwirabe ntchito patapita miyezi 6, banja lasiya kugula palafini, ndalama zopulumutsidwazo zaposa zomwe likulipira pa nyaliyo. Lembani masitepewa, kenako musankhe manambala awiri kapena atatu okha omwe mungathe kuwatsata mwezi ndi mwezi popanda kulemba ntchito munthu wapadera. Manambala 20 amathera m'lipoti lomwe palibe amaliwerenga.

Funso lovuta ndi lakuti zinthu zikanakhala bwanji inu kulibe. Mlimi akakolola zambiri chaka chomwe wagula mbewu yanu, mwina mvula inagwa bwino. Mwinanso alimi akhama ndiwo amayamba kugula, ndipo akanakolola bwino ngakhale popanda inu. Bizinesi yaing'ono singakwanitse kafukufuku wa maere ngati wa ku Togo, koma ikhoza kulemba momwe kasitomala alili asanagule, n'kuyerekeza ndi anthu ofanana naye a m'dera lomwe simunafikeko. Ofunsa mafunso asakhale ogulitsa omwewo, ndipo amene anasiya kugula afunsidwenso, chifukwa iwo ndi amene amanena zoona.

Mbiri ya ngongole zazing'ono ndi chenjezo lokwanira. Katswiri wa zachuma Muhammad Yunus anayamba mu 1976 pobwereketsa madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra ku Bangladesh, banki yomwe anayambitsa ya Grameen Bank inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo mu 2006 iye ndi bankiyo analandira mphoto ya Nobel. Kwa zaka zambiri kubweza bwino kwa ngongole kunkatengedwa ngati umboni wakuti umphawi ukutha. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko 6, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco. Ngongolezo zinathandiza ena kukulitsa malonda ndi kukhala ndi ufulu wosankha, koma sizinachotse mabanja ambiri mu umphawi. Kubweza kumangosonyeza kuti wobwereketsa akuchita bwino. Munthu akhoza kubweza atagulitsa katundu wa m'nyumba kapena atabwereka kwina.

Kuteteza cholinga ndalama zikayamba kubwera

Bizinesi ikamakula, njira yosavuta yokwezera phindu ndi kusiya osauka kwambiri n'kutsata opezako bwino, kapena kukankhira anthu katundu yemwe sangamukwanitse. Palibe amasankha zimenezi pa msonkhano. Zimabwera kudzera mu komishoni. Mukalipira wogulitsa pa chiwerengero cha ngongole zomwe wapereka, apereka kwa aliyense. Ku Andhra Pradesh ku India makampani a ngongole zazing'ono anakula mothamanga, mabanja ambiri anali ndi ngongole m'malo angapo, ndipo madandaulo a nkhanza potolera ndalama atachuluka, boma la kumeneko linaika lamulo lokhwima mu October 2010. Anthu ambiri anasiya kubweza, makampaniwo n'kugwedezeka. Choncho gawo lina la komishoni lizidikira mpaka kasitomala atamaliza kulipira bwino, ndipo chiwerengero cha makasitomala osauka chiziperekedwa ku bodi yoyang'anira bizinesi pamodzi ndi cha malonda.

Kalembetsedwe ka bizinesi kamasiyana dziko ndi dziko. Ku United Kingdom kuyambira mu 2005 kuli mtundu wapadera wa kampani yothandiza anthu, womwe chuma chake sichingagawidwe mwachisawawa. Mayiko ambiri osauka alibe zoterezi, ndiye munthu amasankha pakati pa kampani wamba, bungwe losapanga phindu, kopaletivi, kapena kukhala ndi kampani ndi bungwe pamodzi. Njira yomalizayi imafuna maakaunti awiri a ku banki, mabuku awiri, ndi mgwirizano wolembedwa wonena kuti wantchito kapena galimoto yogwirira mbali zonse ilipiridwa bwanji. Kusakaniza ndalama za thandizo ndi za malonda kumabweretsa mavuto ndi a msonkho komanso ndi opereka thandizo.

Maphunziro abwino amaoneka bwanji

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, kalasi imakhala gawo laling'ono. Maphunziro amwazikane pa miyezi itatu mpaka 6, kukumana kwa maola ochepa pa sabata, kuti wophunzira asatseke bizinesi yake komanso akhale ndi nthawi yokayesa zomwe wamva. Nthawi ndi malo ziganizire amayi omwe ali ndi ana ndi ntchito za pakhomo, apo ayi amasiya pakati. Chilankhulo chikhale chomwe wophunzirayo amagulitsira malonda. Phunziro lililonse lithe ndi ntchito imodzi yokachita, ndipo lotsatira liyambe ndi kuona ngati yachitika: anthu omwe wacheza nawo, katundu yemwe wagulitsa, pepala la masabata 13 lodzazidwa ndi manambala ake enieni, osati a kampani ya m'buku.

Mlangizi akhale munthu amene anagulitsapo kwa makasitomala ofanana, m'dziko lomwelo. Nkhani za makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi America zimasangalatsa, koma zimayerekeza kuti magetsi sazima, makhoti amaweruza msanga ndipo katundu sakhalitsa pa doko. Ndalama zoyambira, ngati zilipo, zisaperekedwe zonse kamodzi pa mpikisano wa kulankhula. Mpikisano wotere umakomera odziwa Chingelezi kapena Chifalansa a m'mizinda, n'kusiya amene amadziwadi kasitomala. Ndi bwino kupereka kangachepe koyesera, kenako zina zikubwera wophunzira akaonetsa malonda enieni.

Palinso msampha womwe okonza maphunziro sakonda kuutchula. Pali achinyamata aluso amene amachoka pa maphunziro awa kupita pa ena, kulandira mphoto apa ndi apo, mpaka kasitomala wawo weniweni amasanduka wopereka mphotoyo. Musanalembetse maphunziro ena alionse, funsani okonzawo kuti mwa omwe anaphunzira zaka ziwiri zapitazo, ndi angati akugulitsabe, ndipo ndi gawo lanji la ndalama zawo lomwe limachokera kwa makasitomala. Funsaninso ngati akufuna masheya m'bizinesi yanu, angati, komanso ngati mlangizi adzafika pamalo anu a ntchito maphunziro akatha. Pemphani manambala a foni a anthu atatu omwe anaphunzirapo, mmodzi mwa iwo akhale amene bizinesi yake inatsekedwa, ndipo muwaimbire musanalipire kapena kusayina chilichonse.